Chili pa Lamba N'cha Mlendo

Lachisanu pa 3 Malichi, akuluakulu a paki ya masewera ya Bayang Masaya, m'chigawo cha Laguna, anatulutsa Chidziwitso Nambala 14. Anachimata pa chitseko cha chipinda chosinthira zovala, china pamwamba pa mpopi wosambira m'manja, kuti munthu asadzanamizire kuti sanachione. Chidziwitsocho chinati akuluakulu, atakambirana mofatsa m'misonkhano itatu, agamula kuti kuyambira Lolemba wantchito aliyense asabaye yunifolomu yatsopano ndi phini, singano, kapena chinthu china chilichonse chosongoka, chifukwa nsalu yake ndi yofewa ndipo timabowo "timadetsa chithunzi cha chimwemwe chimene alendo athu amalipirira". Mabaji onse azivalidwa pa lamba wa m'khosi. Pansi pake panali masiginecha anayi ndi chidindo.

Aling Perlita Dimaculangan, ndiye kuti Mayi Perlita m'chinenero cha kumeneko, anachiwerenga akusamba m'manja, anatsonya, n'kupita kukayatsa makina awo a akavalo. Pa zaka makumi awiri ndi zisanu anali atawerengapo chidziwitso choletsa kuyasamula, china choletsa kutsamira chipilala, ndi china cholamula kuti kumwetulira kuzionetsa mano osachepera asanu ndi limodzi. Ichi sanachione ngati choopsa.

Mayiyu anabadwira pomwepo, kale pakadali minda ya nzimbe. Pamene pali chigudumu chachikulu chokweza anthu m'mwamba, bambo awo ankadulapo nzimbe. Pamene pali zimbudzi za alendo olemekezeka panali khitchini ya mayi awo. Paki itatsegulidwa analowa ntchito ndi tsache. Atasesa zaka zinayi anawakweza kukang'amba matikiti, kenako anawapatsa makina a akavalo ozungulira amene ana amakwera, ndipo ali komweko mpaka lero, kumva nyimbo imodzimodzi maulendo makumi asanu ndi limodzi pa tsiku. Ana atatu anawaphunzitsa sukulu ndi nyimbo imeneyo. Mwamuna wawo, woyendetsa jipini yonyamula anthu, amati mkazi wake amaiimba ngakhale ali m'tulo, ndipo amaiimba mokwiya. Pa paki ponse amawaitana Nanay, ngati mayi wowabala.

Koma chimene anthu amawadziwira kwenikweni ndi mabaji.

Pakiyi imagulitsa timabaji ta chikumbutso, tachitsulo, tofanana kukula ndi chitsekerero cha botolo: kavalo, bakha, sitima, chule wovala chisoti. Kugula ndi chiyambi chabe. Chimene chimapengetsa anthu ndi kusinthana. Wantchito aliyense amavala lamba wokhala ndi mabaji khumi ndi awiri a kampani, ndipo Lamulo Lachinayi limati mlendo wokhala ndi baji yeniyeni ya paki akaloza iliyonse ya pa lambapo, wantchito aipereke akumwetulira, alandire ya mlendoyo. Kukana palibe, kunenerera palibe, ndalama palibe. Chili pa lamba n'cha mlendo. Popeza mabajiwo ndi a kampani, panalibe wantchito amene analirapo.

Vuto ndi loti pa mabaji khumi amene alendo amabweretsa, anayi amakhala abodza, ogulidwa m'matumba pa intaneti pamtengo wa mtedza. Aling Perlita sachita kuwayang'ana. Amangoika pa chikhatho. Yeniyeni imalemera, m'mphepete mwake ndi mosalala, utoto wake ndi wodzaza bwino. Yabodza imapepuka, imakanda chala, utoto umalowa m'kati ngati tsaya la nkhalamba yopanda mano, ndipo imanunkha girisi. Antchito atsopano amawauza kuti, "Mwanawe, chikomekome cha mkuyu. Usaione nkhope, itembenuze. Ndipo amene akukufulumizitsa, ameneyo ndiye wakuba."

Kunyumba ali ndi chitini cha mabisiketi chodzaza mabaji awoawo, ndipo mfumu ya m'chitinimo anali Kavalo Wakuda. Chaka chimene paki inatsegulidwa anapanga mabaji a akavalo a mitundu isanu ndi iwiri, koma akuda anangopanga zana limodzi. Aling Perlita sanamugule. Anayamba ndi kabaji kamene anatola akusesa. Anakapereka ku ofesi ya zotayika, anadikira masiku makumi asanu ndi anayi monga mwa lamulo, mwini wake osabwera. Kameneko anasinthitsa ndi sitima, sitima ndi chule, chule ndi china, ulendo uliwonse kukwera pang'ono, pa matebulo a pansi pa mitengo ya mango kunja kwa geti, pamene osonkhanitsa mabaji amakumana Lamlungu lililonse. Kusinthana khumi ndi kumodzi, zaka zisanu ndi chimodzi. Ndi munthu amene sanathamangirepo chinthu m'moyo wake.

Lolemba pa 20 Malichi, pa msonkhano wa m'mawa, pamaso pa antchito mazana awiri, mkulu wa paki, Bwana Villaroman, anawaitanira kutsogolo. Anatsegula kabokosi kofiira. M'katimo munali baji ya utumiki wa zaka makumi awiri ndi zisanu: nyenyezi ya mtundu wa golide, kumbuyo kwake atazokota dzina lawo ndi nambala yawo ya ntchito, 0412. Baji yotere sigulitsidwa m'sitolo. Njira yoipezera ndi imodzi yokha, ndipo imadya mawondo.

Bwana anatambasula dzanja kuti aibaye pa kolala. Cherrylyn Abad, mtsikana woyang'anira za antchito, anatsokomola n'kunong'ona kuti, "Bwana, Nambala 14." Bwana anaima kaye, anakumbukira kuti siginecha yoyamba pa chidziwitso chija inali yawo, n'kuibaya pa lamba.

"Bwana, pa lamba paja..." anayamba Aling Perlita.

"Muivale tsiku lonse, Nanay," anatero Bwana, nkhope italoza kwa wojambula. "Masana ndidutsa ndi alendo ochokera ku likulu. Aone kuti kuno anthu timawasunga."

Apa ndi pamene nkhaniyi imawapweteka mpaka lero, chifukwa ankadziwa. Mwa anthu onse amene anali pamenepo, wodziwa bwino anali iwo. Thumba la siketi linali pomwepo. Koma kuchotsa chinthu chimene munthu wamkulu wakuveka ndi manja ake, anthu mazana awiri akuwomba m'manja? Ndiye masana adutse ndi alendo ake apeze palibe, achite manyazi chifukwa cha iwo? Paja manyazi anapha lambe. Anangoukoka lambayo kuti nyenyezi ikwere kumbuyo kwa khosi, pansi pa tsitsi, n'kumapemphera kuti masana afike msanga.

Masana asanafike, anafika Dokotala Buenviaje.

Arnulfo Buenviaje ndi dokotala wa mano wa ku Alabang, mwini tikiti ya chaka chonse, amene sanakwerepo chilichonse mu pakiyi. Amabwera Lolemba chifukwa ndi tsiku limene malamba amadzazidwa mabaji atsopano. Kumanzere amanyamula buku la mabaji enieni osinthana ndi anzake. M'thumba lakumanja mumakhala abodza, opatsa antchito, poti antchito saloledwa kutsutsa mlendo.

"Nanay Perlita! Ndamva, ndamva. Mafuno abwino! Zaka makumi awiri ndi zisanu kuzungulira malo amodzi, osachita chizungulire!"

"Zikomo, Dok. Dzino lija likupwetekabe, musandiseketse."

"Dzabwereni nalo, ndidzakudulirani mtengo. Tatembenukani pang'ono ndione lamba."

"Ndi omwe aja, Dok. Abakha okhaokha."

"Nanga chikunyezimira pansi pa tsitsicho n'chiyani? Nsabwe za golide?"

"Imeneyo ndi yanga. Ili ndi dzina langa."

"Ili pati?"

 Makolo anali pa mzere ndi ana awo, akavalo akuzungulira, nyimbo ikulira.

"Nanay, Lamulo Lachinayi sindinalembe ine. Ine ndimangolilemekeza. Ili pati?"

"Pa lamba."

"Basitu."

Analoza ndi chala chake choyera, chosagwirapo tsache. Aling Perlita anaimasula okha. Kachotsekera ka kumbuyo kanawakanika kawiri konse. Dokotala anawaika kabakha pa chikhatho, ndipo asanakayang'ane n'komwe anadziwa: kopepuka, kokanda, konunkha girisi. Anamwetulira, chifukwa kamera ya pa chipilala imaona. Mano asanu ndi limodzi. Nyenyeziyo inali itakhala nawo ola limodzi ndi theka. Bwana ndi alendo ake sanadutse n'komwe. Kunja kunali dzuwa, anathera m'chipinda chozizira.

Nthawi ya nkhomaliro Aling Perlita anakwera ku ofesi ya Cherrylyn, kumene kumazizira ngati kosungira mitembo, n'kumenyetsa kabakha patebulo.

"Madamu, lamulo limati mlendo apereke baji yeniyeni. Aka n'kabodza. Ndiye kusinthana kuja kulibe ntchito. Muimbireni foni abweze."

"Nanay, takhalani pansi kaye. Madzi?"

"Sindinabwerere madzi."

Cherrylyn anakanyamula kabakha ndi nsonga za zikhadabo zopenta, n'kukayang'ana kumaso. "Komatu kakuoneka bwinobwino."

"Katembenuzeni. Kanunkhizeni."

"Nanay, ofesi sinunkhiza. Kuti baji itchedwe yabodza pamafunika lipoti la katswiri."

"Katswiriyo ndi ndani?"

Cherrylyn anafufuza pa kompyuta nthawi yaitali. "Mpando umenewo sunapeze munthu. Zikavuta timafunsa inu."

"Ndiye ndifunseni!"

"Inu ndinu wodandaula, Nanay. Simungakhale mboni pa mlandu wanu womwe."

"Chabwino. Ndipatseni ina."

Ina panalibe. Nyenyezi zotere amapanga imodzi pa dzina limodzi, ndipo kompyuta inali itavomera kale kuti 0412 walandira. Chithunzi chinalipo ngati umboni, Aling Perlita akumwetulira pafupi ndi Bwana. Cherrylyn anawapatsa fomu ya masamba atatu yotchedwa "Kumvetsera Mtima wa Wantchito", n'kuwakumbutsa mwaulemu kuti wantchito wa m'yunifolomu akanena mlendo kuti ndi wachinyengo amalandira kalata ya chenjezo.

"Mwana iwe," anatero Aling Perlita ataimirira, "pamene pali mpando wakowo bambo anga ankamangirirapo njati yolimira. Inali ndi nzeru, kungoti sinkasayina."

Sabata imeneyo ana okwera akavalo anatsika msanga kuposa kale, chifukwa mayi wa pa makina ankadina batani ngati akupha nsikidzi. Chimene chinkawawiritsa magazi sichinali dokotala yekha. Fisi ndi fisi, sungamudabwe akatenga mbuzi. Koma amene anamangirira mbuziyo pa njira ya fisi n'kuitana wojambula? Nanga mbuzi yomwe, yodziwa njira zonse za afisi, n'kuima phee poopa kukhumudwitsa mwini khola?

Nimfa Catindig, mnzawo wogulitsa nthochi zokazinga pafupi ndi akavalo, anali ndi nzeru yake. Awiriwa amaitanana Mare chifukwa anaimirirana pa ubatizo wa ana.

"Mare, m'mwetse mankhwala ake omwe. Munthu uja wakhala akulira Kavalo Wakuda wako zaka zingati?"

"Zisanu."

"Ndiye abodza ake si ali mbwee pa intaneti? Gula mmodzi, umusambitse ndi sopo fungo lichoke, umupatse. Akubwezere nyenyezi, nkhani yatha."

"Ali ndi galasi lokuzira zinthu."

"Ndi dokotala wa mano, Mare! Amaona bowo pamene palibe. Pamene lilipo saliona."

Aling Perlita anaseka koyamba sabata imeneyo. Anaiganizira nzeruyo masiku awiri, ndipo akanakhala wina akanachita. Koma pansi pa mango paja, kwa zaka makumi awiri, anthu akakangana amabweretsa baji kwa iwo. Akaiika pa chikhatho n'kunena kuti "iyi ndi yeniyeni", mkangano umathera pomwepo. Yabodza imodzi yokha itatuluka m'dzanja lawo, zonse zimene zinadutsapo zikanasanduka zokayikitsa, ndipo anthu osalakwa akanayamba kununkhiza mabuku awo. Zinawakwiyitsa kwambiri kuona kuti ngakhale kuba sangathe.

Lamlungu, atatuluka ku Misa, anapita pansi pa mango atavala diresi lawo la maluwa. Analibe yunifolomu, analibe lamba, nkhope inali yawoyawo. Matebulo anali odzaza: aphunzitsi opuma, atsikana a m'maofesi, madalaivala, aliyense atatsegula buku lake. Dokotala anali atayala lake pakatikati, ndipo pa tsamba loyamba, m'kapulasitiki, panali nyenyezi ija ndi kapepala kolembedwa kuti "Imodzi yokha padziko lonse".

"Nanay! Lero mulibe lamba?"

"Lero ndilibe ngakhale mano asanu ndi limodzi. Ndabwera kudzatenga dzina langa."

"Aaa, imeneyi anthu akuifuna, Nanay. Pali wina wa ku Singapore akundisowetsa mtendere."

"Wa ku Singapore ameneyo dzina lake ndi Perlita?"

Anthu anaseka, ena anasiya matebulo awo n'kusendera. Aling Perlita anatulutsa kabakha n'kukaika patebulo. Pansi pa mango mwambo ndi woti chinthu chikaikidwa patebulo, aliyense ali ndi ufulu wochigwira.

"Choyamba, bakha wanu, Dok. Abale, bwerani mununkhize chimene dokotala anandipatsa posinthana ndi zaka zanga."

Kabakha kanayenda dzanja ndi dzanja, mphuno ndi mphuno. Mang Celso, mphunzitsi wopuma amene ali ndi buku lakale kuposa onse, anakanunkhiza kawiri.

"Girisi uyu, Dok. Ndipo si wabwino n'komwe. Wa jipini yakufa."

"Nanenso anandipusitsa," anatero dokotala. "Zinthu izi zadzaza paliponse, munthu ungadziwe bwanji?"

"Thumba lanu lakumanja lonselo anakupusitsani?" anafunsa Aling Perlita. "Takhuthulani tione, tikuthandizeni kulira."

Dokotala anaika dzanja pa thumbalo ngati munthu wogwidwa ndi nthenda ya m'mimba. Makutu ake anafiira. Mtsikana wina anali atakweza kale foni, akujambula. Munthu wamba akanabweza nyenyeziyo pomwepo n'kuthawa osatsanzika, koma manyazi sapha aliyense. Dokotala anatseka buku lake, n'kuikapo zigongono.

"Lamulo ndi lamulo. Ndinaloza, munapereka, kamera inaona. Ndi yanga. Ngati mukuifuna, Nanay, chimene ndimafuna ine mukuchidziwa."

Ankachidziwa. Anali atabwera nacho, chomangidwa m'kampango, chifukwa munthu wodziwa kusinthana sapita kwa fisi ndi mawu okha. Anamasula mfundo pang'onopang'ono. Kavalo Wakuda atagona patebulo, anthu onse anasuzumira. Ena pamenepo anali asanamuonepo ndi maso.

"Nanay, musatero," anatero Mang Celso. "Ameneyo ndi wosowa kuposa nyenyezi khumi."

"Ndikudziwa mtengo wake, aphunzitsi. Ndine ndinakuphunzitsani."

Dokotala anatulutsa galasi lake. Anayang'ana kumbuyo, m'mphepete, m'maso mwa kavalo, mpaka mano, monga mwa ntchito yake. Anatha mphindi zisanu akufunafuna bodza, thukuta likutsika m'khosi.

"Weniweni," ananong'ona pomaliza.

"Mumayesa ndine inu?"

Dokotala anasolola nyenyezi m'kapulasitiki n'kuikankhira kwa iwo. Aling Perlita sanaitole mothamanga. Anaiika pa chikhatho, anaiyesa kulemera, anayendetsa chala m'mphepete, anaitembenuza: Perlita Dimaculangan, 0412. Anainunkhizanso, anthu onse akuona, ndipo dokotala anayang'ana kumbali.

"Mwaona nonse," anatero Aling Perlita. "Ndapereka zaka zisanu ndi chimodzi kuti ndiwombole zaka zanga zomwe makumi awiri ndi zisanu. Kusinthana kopusa ngati kumeneku sikunachitikepo pansi pa mtengo uno, ndipo wachita ndine. Wina akadzakuuzani kuti Nanay Perlita ndi wanzeru, mudzamutume kwa ine ndidzamutukwane." Anamanga nyenyezi m'kampango. "Bakha wanuyo tengani, Dok. Dzino lija ndikazulitsa kwina."

Kunyumba anaiika m'chitini, pamalo pamene pankagona kavalo. Mwamuna wawo anafunsa ngati sadzaivala ngakhale pa Khirisimasi. Anamuyankha kuti baji yovala ndi ya anthu amene ali ndi mabwana oganiza, ndipo bamboyo anapita kukatsuka jipini yake, yomwe inali yotsuka kale.

Kanema wa mtsikana uja anayenda m'mafoni mpaka anakwera masitepe a ku ofesi. Lolemba lotsatira, pa msonkhano wa m'mawa, Bwana Villaroman analankhula mphindi makumi awiri atagwira pamtima. Anati Bayang Masaya ndi banja limodzi, ndipo chala chimodzi chikapweteka thupi lonse siligona. Anati iwo eni adzakumana ndi mlendo wokhudzidwayo, munthu ndi munthu, kuti kavalo abwerere kwa mwini wake. Anati akhazikitsa komiti ya anthu asanu ndi awiri yoyanjanitsa Chidziwitso Nambala 14 ndi Lamulo Lachinayi, ndipo lipoti lituluka pasanathe masiku makumi atatu. Anati mpando wa katswiri wa mabaji uganiziridwa mozama. Kenako anakweza chala kumwamba n'kulumbira kuti zimene zinachitikira Nanay Perlita sizidzachitikiranso wantchito wina aliyense, iwo ali moyo. Antchito mazana awiri anawomba m'manja. Aling Perlita anawomba nawo, milomo ili yotseka.

Patatha miyezi iwiri, Mang Teroy wa pa geti, bambo wofatsa amene amavulira chipewa ngakhale galimoto ya Bwana ikamadutsa yopanda munthu, anakwanitsa zaka makumi awiri ndi zisanu. Komiti inali isanakumane. Bwana anamubaya nyenyezi pa lamba n'kumuuza kuti aivale tsiku lonse. Inakhalapo mphindi makumi anayi.